Rimu anaipala okha ndi tupa, lero akuti ndaiwononga ndine

Lachiwiri pa 16 Julayi, nthawi ili 8:15 m'mawa, ndinalowa m'sitolo ina ya zipangizo za njinga zamoto pa boma la Ntcheu nditanyamula rimu yong'aluka paphewa. Pamene ndikulemba pano ndilibe rimu yabwino, yong'aluka ija ndilibenso, ndipo eni sitolo akuti wolakwa ndine.

Sindikonda kulemba pagulu lino. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimangowerenga za mitengo ya feteleza n'kutseka foni. Koma izi ndilemba, chifukwa ena mwa inu muli ndi njinga ngati yanga. Dzina la sitolo sinditchula. Eni ake ali pagulu pompano, azizindikira okha.

Ndimalima kachewere ndi kabichi kumtunda kwa Biriwiri. Kuchoka pakhomo panga kufika pa tala ndi makilomita asanu ndi limodzi a miyala ndi zitsikwe. Galimoto siifika, chifukwa pakati pali mlatho wa mitengo wopapatiza. Zaka zinayi zapitazo ndinagula njinga yamoto ya matayala anayi, ija timati kwadi, pa famu ina imene inkatsekedwa. Imakoka kangolo. Ndi imene imatsitsa mbewu zanga.

Mwezi watha mkazi wanga, Nangozo, anaterereka kudimba n'kuthyoka mwendo. Anamuika chikhakha kuyambira pantchafu mpaka kuphazi. Adokotala analemba kuti abwerenso Lachisanu pa 19 kudzajambulidwa. Anatiuza mosabisa kuti ngati fupa likulumikizana mokhota, ayenera kuliona lisanalimbe, apo ayi adzatsimphina moyo wake wonse. Pa kabaza sangakhale, mwendo supindika. Njira inali imodzi: matiresi m'kangolo, ine pa kwadi, pang'onopang'ono mpaka pamsewu.

Lolemba madzulo rimu ya kutsogolo kumanja inang'aluka pamwala. Mng'alu unayambira pa bowo la bauti. Ndinali ndi masiku atatu.

Ndisanapite kusitolo ndinayeza. Rimu ya kwadi siiguliridwa ndi maso. Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi mabowo a mabauti. Yanga ili ndi anayi, ndipo kuyeza kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo ndi mamilimita 110. Chachiwiri ndi pamene pamakhala mbale ya pakati, ija imagunda pa habu, chitsulo chomangirirapo tayala. Siikhala pakati penipeni. Pa rimu yanga ya kutsogolo, kuchokera pambaleyo kufika kumlomo wa mkati ndi mainchi asanu, kufika kumlomo wa kunja ndi awiri. Amakaniko ophunzira amati ofuseti. Ndi imene imachititsa kuti tayala likhale mkati, pafupi ndi pamene limakhotera. Zonsezi ndinalemba papepala.

Pakauntala panali bambo wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, foni kukhutu. Ndinadikira mphindi khumi ndi ziwiri. Atamaliza ndinaika rimu pansi, pepala pakauntala.

Analiyang'ana n'kuseka. "Madala, mwabwera ndi homuweki?"

Ndinati ndabwera ndi miyeso.

"Mabowo ndi angati?"

"Anayi."

"Ndiye basi. Anayi ndi anayi."

Ndinamuuza kuti batani la malaya anga nalonso lili ndi mabowo anayi. Anthu awiri amene ankagula matcheni anaseka. Iye sanaseke. Anati rimu yotere alibe, koma dalaivala wawo akupita ku Limbe tsiku lomwelo, mawa teni koloko ikhala itafika. Anati ndisiye yakaleyo kuti dalaivala akafanizire. Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinasiya rimu, tayala lake ndi pepala. Ndinalipira K118,000 yonse.

Ndinapempha kuti miyeso ailembe pa lisiti. Anati pa lisiti malo ndi ochepa. Analemba kuti "rimu 1". Malo otsala palisitipo mukhoza kulembapo kalata yofunsira mbeta.

Lachitatu ndinafika 9:50. Dalaivala sanafike. 11:00, akuti ali pa Balaka. 12:30, akuti ali pa Balaka pomwepo. Kodi pa Balaka pali phula lomata matayala? 1:35 galimoto inaima kuseri kwa sitolo. Ndinaimirira. Wa pakauntala anati ndikhale kaye, amisiri akuipukuta.

Kupukuta rimu yatsopano?

Ndinakhala. Kenaka ndinamva phokoso kuseri, chitsulo chikudya chitsulo. Ndinadikira mphindi zisanu, phokoso osatha. Ndinazungulira.

Ndinapeza makaniko, bambo wa imvi ngati ine ndemwe, atakhala pa batire lakutha. Rimu yatsopano ili pamaondo, yanga yakale aigoneka pansi pake, tupa ali m'manja. Mabowo atatu anali atawapala kale. Sanalinso ozungulira. Anali ngati mazira.

"Mukutani, akulu?"

"Tikuigwirizanitsa, achimwene. Yasiyana pang'ono, ngati kamtengo ka machesi."

Ndinatulutsa tepi yanga m'thumba. Mabowo anali a 115. Ndinayeza mbale ya pakati. Mainchi awiri mkati, asanu kunja. Inali rimu ya kumbuyo, ya kwadi ya mtundu wina. Ndinafunsa dalaivala ngati anatenga rimu yakale. Anati palibe anamupatsa. Pepala? Anati pepala lanji? Iye anangouzidwa pafoni kuti rimu ya kwadi, mabowo anayi.

Ndinafunsa makaniko kuti ndani wamuuza kupala katundu amene ndalipira ine ndisanamuone n'komwe. Analoza chitseko cha sitolo ndi tupa. Kenaka anati ndisade nkhawa, iye wamanga matayala zaka makumi awiri.

"A kwadi mwamangapo angati?"

"Tayala ndi tayala, achimwene. Nati ikagwira, yagwira."

Ndinabwerera pakauntala. Ndinati rimu iyi si imene ndinaitanitsa. Bambo uja anati ngati sindikuifuna ndidikire ina, sabata ziwiri, mwina zitatu, chifukwa za kwadi n'zosowa. Anati alimi ambiri amatenga zopalapala zomwezi ndipo palibe wafa. Anawonjezera kuti vuto la anthu ophunzira ndi kuopa manambala.

Apa ndiye ndinalakwa ine, ndipo sindibisa. Ndinkadziwa kuti rimuyo si yake. Koma ndinaganiza za Lachisanu. Ndinadziuza kuti ndi ulendo umodzi wokha, ndiyenda ngati kamba, yoyenera ndidzafuna pambuyo. Ndinalola. Anamaliza kupala bowo lachinayi, anaveka tayala langa, anapopa. Ndinapempha rimu yakale. Anati ndiisiye, ndidzatenga tsiku lina, pano siisowa. Ndinali ndi tayala lathunthu lokwera nalo minibasi n'kukwera nalonso phiri. Ndinaisiya.

Ndinafika pakhomo 4:20. Ndinamanga. Manati ndinawalimbitsa mopingasa, monga ndimachitira nthawi zonse. Nditatsitsa jeke ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Tayala la kumanzere linali pansi pa madigadi. La kumanja linatuluka kunja zala zinayi zogundizana.

Nangozo anali pakhonde, mwendo uli pampando. Anati, "Abambo a Tiyanjane, njinga yanu yatupa tsaya. Ikumva dzino?"

Anaseka. Ine sindinathe.

Sindikanamukweza ndisanayese. Ndinaika thumba la kachewere m'kangolo, pamatiresi, pamalo pamene akanakhala iye. Kulemera kwake n'kofanana. Ndinayamba kutsika ndi giya yoyamba.

Pamalo osalala inkayenda, ngakhale inkakokera kumanja. Pa mwala woyamba handulo inandithawa m'dzanja ngati wina waimenya ndi ndodo. Tayala likatuluka kunja chotero, mwala uliwonse umalikankha ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imathera m'manja mwako. Ndinagwiritsa. Pa chitsikwe chachikulu, usanafike pa mlatho, ndinagwira buleki. Kwadi inakhotera kumanja yokha. Kumanja kumeneko ndi kuphompho. Ndinaikhotetsa mwamphamvu kubwerera kukhoma la phiri, kangolo kanapendekeka, thumba linatuluka. Ndinaliona likugubuduka. Linagunda mwala, linaphulika, kachewere n'kumwazika mpaka kumadzi.

Ndinazimitsa injini. Ndinatsika. Kenaka ndinagwira manati. Awiri ankazungulira ndi zala. Ndinali ndisanayende ngakhale kilomita imodzi ndi theka. Nati imafuna bowo lozungulira kuti ikhazikike. Pa bowo la dzira imangogwira mbali imodzi, ndipo tayala likagwedezeka imamasuka.

Ndinalimbitsanso, ndinabwerera pang'onopang'ono. Nangozo anafunsa kuti thumba lili kuti. Ndinati ndalisiya kumunsi. Anangondiyang'ana mawondo a buluku, amene anali ndi dothi.

5:40 ndinaimbira kusitolo. Anandipatsa makaniko. Ndinafotokoza zonse. Anati, "Aa, imeneyo ndi yaing'ono. Itembenuzeni. Kunja kukhale mkati. Awiri ndi asanu akhala asanu ndi awiri. Simunaphunzire masamu?"

Ndinafunsa za valavu. Anati valavu siiyendetsa njinga.

Lachinayi 6:00 m'mawa ndinayesa, kuti asadzanene kuti ndinakana malangizo. Ndinakweza jeke, ndinatembenuza rimu. Valavu inapita mkati, kumene kuli buleki. Manati sanakhazikike n'komwe, chifukwa malo ake okhalamo anali atayang'ana ku habu. Ndinazunguza tayala ndi dzanja, lili m'mwamba. Valavu inakhudza chitsulo cha buleki. Kachiwiri inakhudzanso. Kachitatu inadukira patsinde, mpweya wonse n'kutuluka. Ndi dzanja chabe. Tangoganizani zikanachitikira pachitsikwe paja, munthu wa chikhakha ali kumbuyo.

10:40 ndinali pakauntala, rimu ili pamwamba pake. Bambo uja anaitembenuza uku ndi uku ngati akuiona koyamba. Analowetsa chala m'bowo.

"Iyitu yapalidwa, madala."

"Inde."

"Katundu wosinthidwa sitilandira. Zalembedwa apo." Analoza chikwangwani pakhoma.

Ndinafunsa kuti waipala ndani. Anati iye sanagwire tupa. Ndinati aitane makaniko. Anati apita kumaliro ku Manjawira. Kenaka anandiuza chinthu chimene sindinachimvepo masiku awiri onsewa: makaniko aja si a sitolo, amangobwereka malo kuseri. Zimene ndinapangana nawo ndi za ine ndi iwo.

Ndinapangana nawo liti? Pamene ndinakhazikidwa pabenchi n'kuuzidwa kuti akupukuta? Munthu amene si wanu amalandira bwanji katundu kuchokera m'galimoto yanu, mwini katundu ali kutsogolo? Foni ya sitolo yanu amayankha bwanji?

Ndinapempha kulankhula ndi mwini sitolo. Akuti ali ku Limbe. Patatha mphindi makumi anayi anamupeza pafoni. Anali waulemu, mawu ofewa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa kuti pa lisiti palembedwa chiyani. Ndinawerenga.

"Ndiye rimu imodzi munalandira, bambo?"

Ndinati ndinalandira rimu ya kumbuyo, ya njinga ina, yopalidwa.

"Koma ndi rimu imodzi?"

Anati akabwera sabata ya mawa tidzakhala pansi ngati anthu akuluakulu. Ndinamuuza za Lachisanu ndi za mwendo wa mkazi wanga. Anati pepani kwambiri, Mulungu awakhudze mayiwo. Foni inaduka.

Ndinati chabwino, ndipatseni rimu yanga yakale. Maganizo anga anali oti ndipite nayo kwa owotcherera. Rimu yowotcherera si yodalirika, koma ndi ya 110, ndi ya kutsogolo, ndipo ulendo umodzi woyenda pang'onopang'ono ikanapirira. Wa pakauntala anapita kuseri. Anabwera manja ali m'thumba. Anati dzulo madzulo kunabwera lole ya ogula zitsulo zakutha, anasesa zonse za kuseri.

"Inali yosweka, madala. Mukanapanga nayo chiyani, mbaula?"

Ndikanayankha, bwenzi pano ndikulemba nkhani ina. Ndinanyamula rimu yopalidwa ija n'kutuluka. Nthawi inali 12:05.

Ndinayenda masitolo ena anayi. Atatu analibe. M'yachinayi munali bambo wachikulire wa kofia yoyera. Ndisanamalize kulankhula anatulutsa tepi yake m'dirowa, anayeza mabowo, anayeza mbale, anapukusa mutu. Anati iyi musamangenso, ngakhale pa wilibala. Anati yoyenera angaipeze ku Lilongwe, koma masiku asanu, ndipo sangandinamize kuti mawa. Analemba manambala onse m'buku lake, ine ndikuona. Zinamutengera mphindi zitatu. Ndiye kuti tepi ilipo pa boma pano. Si chinthu chochokera kumwamba.

Ndinadutsa kuchipatala kukafunsa ngati tsiku lingasinthidwe. Anandiyankha bwino. Anati woona za mafupa amakhalapo Lachisanu, ndipo kwa mwendo ngati umenewu sakulangiza kudumphitsa sabata. Ndinathokoza.

Tsono inu eni sitolo, popeza muwerenga, ndiyankheni pompano pagulu, pamene anthu akuona.

Pepala langa la miyeso linapita kuti? Munandisiyitsiranji rimu yakale ngati simunafune kuitumiza? Ndani analamula kuti katundu wanga apalidwe ine ndisanamuone? Ngati makaniko si wanu, n'chifukwa chiyani munandipatsa iyeyo pafoni? Rimu yanga yakale munaigulitsa ndi chilolezo cha yani? Ndipo alimi ambiri amene mukuti anatenga zopalapala, akuyenda m'njira ziti, atanyamula ndani?

Sindikufuna pepani wa pafoni. Ndikufuna mutenge chitsulo chanu, mubweze zanga, ndipo tupa ameneyo asakhudzenso rimu ya munthu.

Kwa inu anzanga a makwadi, ku Biriwiri kuno, ku Kandeu ndi kwina: yezani nokha. Bowo ndi bowo loyang'anizana nalo, pakati ndi pakati. Yezani mbale kufika kumlomo wa mkati ndi wa kunja. Ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zikhoza kufanana kukula koma osafanana pokhala mbale. Manambalawo alembedwe pa lisiti musanapereke ndalama. Akakana, tulukani. Rimu yakale musaisiye. Wina akatulutsa tupa, kapena akati tembenuzani, nyamulani katundu wanu. Ndipo musachite zimene ndinachita ine, kulola chinthu chimene ukudziwa kuti n'cholakwika chifukwa tsiku lakupanikiza.

Ndinafika pakhomo dzuwa likadalipo. Ndinamuuza Nangozo zonse, ndi za thumba zomwe. Kenaka anati ndigule valavu kwa okonza njinga kumsika, ndimange rimuyo mmene inalili poyamba, ndiziima pafupipafupi kulimbitsa manati. Anati iye sakuopa.

Ndinati ine ndikuopa.

"Ndiye ndipita bwanji? Ndiuluka?"

Ndinati ndikudziwa chochita. Ndinapita kwa alamu anga a Filipo, mchimwene wake wa Nangozo, ndi kwa anansi athu awiri, a Zakeyu ndi a Lunguzi. Onse ndi amuna a mabanja awo, ndipo Lachisanu linali tsiku lawo lokumba kachewere. Nditawapempha thandizo, palibe anakana.

Lachisanu m'mawa, kutangoyera, ndinadula nsungwi ziwiri zazitali kuseri kwa khola. Ndinatenga mpando wa ndalema wa pabalaza, ndinaumangirira pansungwizo ndi chingwe cha ng'ombe, ndinakhomera thabwa kutsogolo loti mwendo ugonepo. Ndinakhalapo ine kaye, iwo n'kundinyamula kuzungulira bwalo, kuti tione ngati mfundo zagwira. Zinagwira. 5:50 tinamukweza Nangozo n'kunyamuka, ine ndi a Filipo kutsogolo, chifukwa potsika kulemera kumabwera kutsogolo.

Anthu ankatuluka m'nyumba. Amayi ena pa mjigo anasiya zidebe n'kuthamanga kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Nangozo, amene wakhala akuyenda njira imeneyi ndi dengu pamutu zaka makumi awiri ndi zitatu, anadzifunda chitenje kumaso. Tikapunthwa ndinkangomva akukoka mpweya m'mano. Tinapuma kasanu.

Tinafika pa tala 8:25. Tinatsitsa mpando pambali pa msewu, ndinaimitsa minibasi, ndinapempha mpando wonse wa kumbuyo kuti mwendo utambasuke. Pamene tinkamasula chingwe, Nangozo anachotsa chitenje kumaso. Anayang'ana phewa langa, pamene malaya anali atamatirira pachilonda cha nsungwi. Kenaka anayang'ana phiri limene tinatsika.

"Pobwera mundinyamulanso chonchi?"

Ndinati inde. Ndinapempha a Filipo kuti asunge nsungwizo pa golosale ya pamsewu, ndipo ndinawauza kuti madzulo abwere ndi amuna ena awiri, chifukwa pobwerera ndi chitunda.